Nkhalango ya Dzalanyama ndi Madzi a Mzinda wa Lilongwe

Madzi amene amatuluka m'mipopi ya ku Old Town, ku City Centre ndi m'nyumba za ku Area 10 ndi 43 amachokera m'mapiri a Dzalanyama, nkhalango imene boma la atsamunda linaiteteza mwalamulo mu 1922, ndipo ili kumalire a Malawi ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, madziwo asanayeretsedwe ndi bungwe la Lilongwe Water Board ku Area 3.

Koma pa nkhalangoyi pali mkangano umene wagona pa makala. Mitengo ya mtundu wa miombo ikadulidwa, mvula imakokolola nthaka n'kuiunjika m'madamu, motero madzi osungidwa amachepa pamene ndalama zowayeretsera zimakwera. Pofuna kuthana ndi vutoli, mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, ndipo bungwe la madzilo linathandiza kulipira ntchitoyo. Koma posakhalitsa kunamveka madandaulo akuti anthu ogwidwa ankamenyedwa, pamene a m'midzi yozungulira ankafunsa chifukwa chimene akuletsedwera nkhuni kuti anthu a m'tauni apindule, pomwe ambiri a m'midzimo amamwa madzi a pachitsime.

Funsolo silili lopanda pake, pakuti matumba a makala amene amatsika pa njinga m'bandakucha amagulidwa mumzinda momwemo, ngakhale m'nyumba za mipanda, makamaka magetsi a ESCOM akathima.