Kuwerenga nyimbo za ukulele pa tabuleti

Kuwerenga nyimbo za ukulele pa tabuleti ndi njira imene oimba amasunga ndi kuwerenga nyimbo zawo pa sikirini m'malo mwa mapepala. Ukulele ndi chida choimbira cha nsambo zinayi chofanana ndi gitala wamng'ono. Chinayambira ku Hawaii m'zaka za m'ma 1880, kuchokera ku zida zimene Apwitikizi a ku Madeira anabwera nazo. Njira ya tabuleti inayamba kufala pambuyo pa 2010, chaka chimene kampani ya Apple inatulutsa iPad yoyamba.

Mmene nyimbo zimasungidwira

Oimba ukulele ambiri sawerenga manotsi a pa mizere isanu. Amagwiritsa ntchito tsamba lokhala ndi mawu a nyimbo ndi mayina a ma chord, monga C, F ndi G7. Tsamba lotereli lingasungidwe ngati PDF, yomwe imaoneka ndendende ngati pepala, kapena ngati ChordPro, momwe dzina la chord limalembedwa m'mabulaketi pakati pa mawu a nyimbo.

Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu. PDF siisintha, koma ChordPro imalola pulogalamu kusintha kiyi ya nyimbo yonse nthawi yomweyo. Ngati nyimbo yakwera kwambiri moti woimba sakufikira, amaitsitsa podina batani, pomwe papepala akanafunika kufufuta ndi kulembanso chord iliyonse. Mapulogalamu ena amasinthanso zithunzi zosonyeza pogwira zala. Izi zimathandiza woimba ukulele wa baritone, amene nsambo zake zimachunidwa D-G-B-E osati G-C-E-A ngati mitundu inayo.

Mapulogalamu odziwika ndi monga forScore ndi OnSong pa iPad, komanso MobileSheets yomwe imadziwika kwambiri pa Android.

Kutembenuza tsamba

Poimba ukulele manja onse awiri amakhala otanganidwa, ndipo ambiri amachigwira popanda lamba, chongochipanikiza pachifuwa. Kuchotsa dzanja kuti atembenuze pepala kumadukiza nyimbo. N'chifukwa chake ena amagula chopondera cholumikizidwa ndi Bluetooth, monga cha AirTurn kapena PageFlip, n'kumatembenuza tsamba ndi phazi. Pulogalamu ikhozanso kuyendetsa mawu yokha pang'onopang'ono, koma njirayi imasokoneza gulu likafulumira kapena likabwereza kolasi mosayembekezereka.

Mavuto

Vuto loyamba ndi kukula kwa sikirini. Pepala la A4 ndi lalikulu mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, choncho pa tabuleti ya mainchesi 10 zilembo zimachepa ndipo amene ali ndi vuto la maso amavutika. Tabuleti yaikulu, monga iPad Pro ya mainchesi 12.9 yomwe inatuluka mu 2015, imayandikira kukula kwa pepala, koma ndi yodula kuposa ukulele wa munthu wongoyamba kumene.

Padzuwa sikirini imathobwa m'maso, ngakhale kuti mumdima imaposa pepala chifukwa siifuna nyale. Batire likatha kapena tabuleti ikagwa n'kusweka pakati pa chionetsero, nyimbo zonse zimasowa nthawi imodzi. Pachifukwa chimenechi oimba ena amanyamulabe mapepala a nyimbo za tsikulo.

Palinso nkhani ya umwini wa nyimbo. Kutumizirana mafayilo n'kosavuta, koma nyimbo zambiri n'zotetezedwa ndi malamulo, ndipo kugula buku limodzi sikupereka chilolezo chogawira gulu lonse.