Kadzidzi wa siliva: musanasirire, funsani komwe wachokera

Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga usiku, ena amati kukubwera maliro. Koma ku Athens, m'dziko la Greece, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, mbalame yomweyi inali pa ndalama imene amalonda ankaidalira kwambiri. Ndalamayo inkatchedwa tetradrachm, ya siliva, yolemera magalamu pafupifupi 17. Mbali imodzi kunali mutu wa Athena, mulungu wamkazi wa nzeru, mbali inayo kadzidzi wamaso aakulu ndi kanthambi ka azitona.

Chimene chimandikoka ine n'chakuti zonsezi zinkapangidwa pamanja. Mmisiri ankagoba chithunzi pachidindo chachitsulo, wina n'kuika kachidutswa ka siliva, nyundo kho! N'chifukwa chake zina zinkatuluka zopendekeka. Mzinda uliwonse unali ndi chizindikiro chake: Aegina kamba, Corinth hatchi yamapiko. Ku Syracuse, pachilumba cha Sicily, amisiri Kimon ndi Euainetos ankafika polemba mayina awo pandalamazo, monga amachitira ojambula masiku ano.

Komatu kukongolaku kuli ndi mbiri yowawa. Siliva wa Athens ankakumbidwa ndi akapolo m'migodi ya Laurion. Atapezeka wambiri cha m'ma 483 BC, Themistocles anakopa anthu kuti amangire zombo zankhondo m'malo mogawana, ndipo zombozo zinathandiza kugonjetsa Aperisi ku Salamis mu 480 BC.

Lero ndalamazi mutha kuziona pafoni, zikugulitsidwa pa intaneti kwa anthu okonda kutolera zinthu zakale. Apa ndiye pali nkhawa yanga. Zina n'zachinyengo, zina anthu amazifukula mobisa usiku. Ndalama ikachotsedwa m'nthaka popanda kulemba pomwe inali ndi zomwe inali nazo limodzi, akatswiri sangadziwenso kuti inayenda bwanji, anaibisa liti. Siliva amatsala, nkhani yake yapita basi. Pangano la UNESCO la mu 1970 linakhazikitsidwa pofuna kuletsa malonda ozembetsa zinthu zotere.

Ndiye amene mukufuna kuyamba kutolera, musathamangire kufunsa mtengo. Funsani kaye kuti inachokera kuti, inadutsa m'manja mwa ndani, mapepala ake ali kuti. Wogulitsa akayamba kuzungulirazungulira, musiyeni. Ngati mwangomukonda kadzidziyo, yemweyo ali pa ndalama ya 1 euro ya ku Greece, ndipo imeneyo palibe anaiba m'nthaka.