Mbiri ya Nyanja ya Malawi ili m'makaundula: nanga atatayika?

Madzi a Nyanja ya Malawi atasefukira m'chaka cha 2024 n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, anthu ambiri ankafunsa ngati zoterezi zinachitikapo kale. Yankho linapezeka m'kaundula wa miyezo ya madzi, amene anayamba kulembedwa mu 1896. Kaundulayu amasonyeza kuti mu 1980 madzi anafika pa mamita pafupifupi 477 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere, pomwe mu 2024 anapitirira mamita 476. Amasonyezanso kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanjayi inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mumtsinje wa Shire.

Ziwerengerozi zimathandiza womanga nyumba m'mbali mwa nyanja, wotsegula ndi kutseka zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde, komanso opanga magetsi pa Shire. Zilipo lero chifukwa anthu akhala akuwerenga miyezo m'malo monga Monkey Bay, Nkhata Bay ndi Chilumba, ndipo ena anasunga zimene analembazo.

N'chimodzimodzinso pa nkhani ya nsomba. Mu 1939 Ethelwynn Trewavas ndi anzake awiri anachita kafukufuku wa nsomba za m'nyanjayi. Kuyambira 1945 mpaka 1947 Rosemary Lowe anafufuza za chambo, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1952. Patsogolo pake ntchito ya kafukufuku inakhazikika ku Monkey Bay, pomwe alembi a nthambi ya za usodzi ankayenda m'madoko kuyeza nsomba zogwidwa ndi kuwerenga mabwato ndi makoka.

Zolembazi ndi zimene zinaulula kukula kwa vuto la ku Nyanja ya Malombe. Mu 1982 kumeneko kunagwidwa chambo choposa matani 8,000, koma pofika m'zaka za m'ma 1990 chinali chitatsikira pa matani mazana ochepa chabe. Umboni umenewu unathandiza kuti mu 1993 boma liyambe kuyang'anira usodzi mogwirizana ndi asodzi eni ake kudzera m'makomiti a m'madoko. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Chigamulo chotere chimafuna kuyerekeza za lero ndi za kale. Nsomba zimene zinagwidwa mu 1982 sizingawerengedwenso, choncho kaundula wa chaka chimenecho akatayika, ndiye kuti watayika mpaka kalekale.

Zolemba zimawonongeka m'njira zingapo. Mapepala amadyedwa ndi chiswe, amawola ndi chinyezi ndi madzi osefukira, kapena kupsa ndi moto. Dziko lino lili nalo phunziro lowawa: mu 1919 moto unatentha likulu la boma ku Zomba n'kuwononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Nkhokwe ya zikalata za boma, National Archives of Malawi, inadzakhazikitsidwa mumzinda womwewo mu 1947.

Kompyuta nayo siteteza zinthu payokha. Imafa, imabedwa, ndipo zosungidwa pa madisiki akale kapena m'mapulogalamu amene anasiya kugwiritsidwa ntchito zimavuta kutsegula. Kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi mabungwe akunja kwa zaka zowerengeka. Ntchito ikatha, akatswiri amabalalika, ndipo ziwerengero zikhoza kutsalira pa laputopu ya munthu mmodzi kapena pa makina a kutsidya kwa nyanja.

Chaka cha 2025 chinaonetsa kuopsa kwa zimenezi. Boma la America litadula thandizo lodzera ku USAID, tsamba la pa intaneti la FEWS NET, lochenjeza za njala m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi, linatsekedwa mu Januwale ndipo linabwereranso patapita miyezi ingapo. Pulogalamu ya DHS, imene yakhala ikuthandiza National Statistical Office pa kafukufuku wa zaumoyo kuyambira 1992, nayo inakhudzidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Osunga zikalata ali ndi njira zodziwika zotetezera chuma chotere. Yoyamba ndi kalembera: kudziwa zimene zilipo, kumene zili, ndi zimene zatsala pang'ono kuwonongeka. Yachiwiri ndi kujambula masamba ndi makina, kenako kulowetsa manambala mu kompyuta ndi kuwaunikanso poyerekeza ndi pepala loyambirira, limene siliyenera kutayidwa. Yachitatu ndi kukhala ndi makope osachepera atatu, limodzi likhale kutali ndi enawo, kuti moto kapena chigumula chisawononge onse nthawi imodzi.

Njira yachinayi, imene imaiwalika kawirikawiri, ndi kufotokoza tanthauzo la manambala. Nambala yopanda tsiku, dzina la doko, mtundu wa khoka ndi muyezo wake ilibe phindu. Pofunikanso kulemba maina a nsomba monga asodzi amawatchulira pambali pa maina a sayansi, popeza dzina limodzi, monga utaka kapena kambuzi, limaimira mitundu yambiri. Pa kafukufuku wokhudza anthu, maina awo ayenera kubisidwa zolembazo zisanaperekedwe kwa ena.

Kusunga kokha sikukwanira ngati anthu sangathe kuzipeza. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Komabe ufuluwu sungatulutse chikalata chimene chinadyedwa ndi chiswe. Wophunzira wa pa koleji ya za usodzi ku Mpwepwe, komiti ya padoko ku Malombe, ndi khonsolo yopereka malo omangapo ku Mangochi, onse amadalira zimene alembi akale anasiya. Ntchito ya m'badwo uno ndi kupereka zolembazo kwa obwera m'mbuyo zili zathunthu, zowerengeka, ndiponso zili m'manja mwa Amalawi.