Chimbale chokamba nkhani imodzi: luso lomwe memori khadi ikumeza

Likakwana tsiku la msika pa Mitundu, phokoso silichokera kwa ogulitsa kaunjika ndi akabaza okha. Mumzere wa timashopu tometera ndi totchajira mafoni, masipika amakhala akulimbirana makutu a anthu. M'kashopu kotere simulephera kukhala mnyamata yemwe ntchito yake ndi kubena nyimbo pakompyuta. Wobwera amangopereka memori khadi kapena fulashi n'kutchula zomwe akufuna: ziwiri zauzimu, zitatu za reggae, imodzi ya ku Zambia, zotsalazo zilizonse zomwe zavuta sabata imeneyo.

Pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, zinthu n'chimodzimodzi. Nyimbo masiku ano zikusankhidwa ngati tomato wa pamulu: iyi yapsa bwino, iyo isiyeni.

Koma bambo kapena mayi yemwe adakula m'nthawi ya makaseti akukumbuka kuti kale sizinkatero. Munthu ankagula chimbale chathunthu, kumvera mbali yoyamba mpaka kaseti itaima yokha, kenaka n'kuitembenuza. Kudumpha nyimbo kunkadya mabatire, moti wofuna kutero ankachita kuzunguliza kasetiyo ndi bolopeni. Ambiri ankangoisiya kuti ilire momwe woyimba adaikonzera.

Kamvedwe kameneka ndi komwe kadapatsa mpata oyimba ena, makamaka a chamba cha rock, kuti aziphika zimbale zokamba nkhani imodzi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Azungu chimbale chotere amachitcha concept album.

Mikanda ya paulusi umodzi

Zimbale zambiri zili ngati mikanda yothiridwa m'mbale. Uliwonse ndi wokongola pawokha, ndipo kutolapo umodzi sikuononga inzake. Chimbale cha mutu umodzi chili ngati mikanda yotungidwa kale paulusi: kuchotsapo umodzi, mpata umaonekera.

Ulusiwo umakhala wamitundumitundu. Pena imakhala nkhani ya munthu mmodzi yomwe ikuyenda ngati nthano. Pena amakhala malo amodzi omwe nyimbo zonse zikuwayang'ana, iyi chakuno, iyo chauko. Penanso limakhala funso limodzi lomwe woyimba akulitembenuzatembenuza mpaka chimbale kutha.

Pali zinthu zitatu zomwe zimathandiza kuzindikira chimbale chotere. Choyamba, munthu akachimvera chonse amatha kunena m'mawu ochepa zomwe chikukamba. Chachiwiri, ndondomeko ya nyimbo imakhala ndi tanthauzo, moti kuyamba ndi yomaliza kuli ngati kuyamba nthano ndi mathero ake. Chachitatu, dzina la chimbale ngakhalenso chithunzi cha pachikuto zimakokera komweko.

Si chimbale chilichonse chotchuka chomwe chimakhoza mayeso amenewa. Gulu la The Beatles la ku Liverpool lidatulutsa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band mu 1967, momwe anyamatawo adadzisandutsa gulu lina longopeka. Ambiri amachiika pamndandanda wa zimbale za mutu umodzi, koma mmodzi mwa eni ake, John Lennon, adadzanena yekha kuti nyimbo zomwe iye adapeka m'menemo sizidali pa mutu wa gulu lopekalo. Mkangano wa chimbalechi sudathebe pakati pa okonda rock.

Khoma la mwana wamasiye

Zimbale zomwe sizikanganitsa anthu ndi monga Tommy cha gulu la The Who, chomwe chidatuluka mu 1969. Ichi chimatsata mnyamata yemwe adasiya kumva, kuona ndi kulankhula ataona munthu akuphedwa m'nyumba ya makolo ake. Gulu la Pink Floyd nalo lidatulutsa The Dark Side of the Moon mu 1973, chomwe chilibe mwininkhani koma chimazungulira pa zinthu zosautsa mtima wa munthu: nthawi, ndalama, misala ndi imfa. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima n'kutsekanso ndi kugunda komweko.

Koma chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi The Wall, cha Pink Floyd yemweyo, cha mu 1979. M'nyimbo 26, chimbalechi chimalongosola moyo wa Pink, mwana yemwe bambo ake adafera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mayi ake amamufungatira mopyola muyezo, aphunzitsi amamunyoza, atakula banja lake limasokonekera. Vuto lililonse limasanduka njerwa ya khoma lomwe iye akudzimangira kuti asayandikanenso ndi anthu. Kumapeto amadziimba yekha mlandu mumtima, ndipo chigamulo n'chakuti khomalo ligwetsedwe. Yemwe adapeka nyimbo zambiri m'chimbalechi, Roger Waters, adataya bambo ake kunkhondo ku Italy mu 1944 iye ali khanda.

Apa ndi pomwe pali phunziro kwa makolo. Nyimbo yotchuka kwambiri m'chimbalechi, gawo lachiwiri la Another Brick in the Wall, ikamveka payokha imakhala ngati ikuuza ana kuti akane sukulu. Womvera chimbale chonse amazindikira kuti ndi dandaulo la mwana wamasiye yemwe wakumana ndi mphunzitsi wankhanza, njerwa imodzi chabe mwa zambiri. Ana asukulu a ku South Africa adaimva bwino nkhaniyo ndipo ankaiyimba ponyanyala maphunziro a tsankho, zomwe zidachititsa boma la azungu kumeneko kuiletsa mu 1980.

Rock ya m'Chinyanja

Wina angaganize kuti zonsezi ndi za ku Ulaya basi. Ayi ndithu. Kungodutsa chipata cha Mchinji, anansi athu a ku Zambia adali ndi rock yawoyawo m'zaka za m'ma 1970, yomwe lero imadziwika kuti Zamrock. Mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Kenneth Kaunda, adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamuloli lidatsegulira khomo magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family.

Mtsogoleri wa Ngozi Family adali Paul Dobson Nyirongo, yemwe dziko limamudziwa kuti Paul Ngozi. Iye adabadwa mu 1949 ndipo adakulira m'komboni ya Chibolya mumzinda wa Lusaka. Gitala wake ankalira mwaukali ngati wa Jimi Hendrix, pomwe Chrissy Zebby Tembo ankamuthira moto ndi ng'oma. Ankayimba m'Chingerezi komanso m'Chinyanja, chilankhulo chomwe wa ku Mitundu amachimva popanda womasulira.

Cha mu 1977, Ngozi adatulutsa chimbale chotchedwa The Ghetto, ndipo ichi ndicho chitsanzo chapafupi cha chimbale cha rock cha mutu umodzi. Ulusi wake ndi malo: komboni ndi moyo wa anthu ake. Idali nthawi yomwe mtengo wa kopa, chuma chachikulu cha Zambia, udali utagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo umphawi udayamba kuluma kwambiri m'makomboni momwe anthu ochokera kumidzi adadzazana posaka ntchito.

Maina a nyimbo okha akuonetsa njira yomwe woyimbayu adayenda. Chimbale chimatseguka ndi In the Ghetto, yomwe imamulowetsa womvera m'kombonimo. Kenaka pamabwera Help Me, kulira kwa wofuna thandizo. Chapakati pali Suicide, pomwe munthu wafika pamapeto pa chiyembekezo. Palinso Bamayo, Anasoni ndi Ulesi Tileke, yomwe dzina lake likudzudzula anthu a m'komboni eni ake. Chimatsekedwa ndi Jesus Christ. Kuchoka pa umphawi, kudzera pa kutaya mtima ndi kudzidzudzula, mpaka kukafika pa pemphero: uwu ndi ulendo womwe banja lililonse lomwe lidatumizapo mwana kutauni kukasaka maganyu lingauzindikire.

Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, m'nyengo yomwe Zamrock idali itazilala ndipo matenda a Edzi adatenga oyimba ambiri a chambachi. Koma mawu a akulu akoma akagonera. Makampani a kunja adadzatsitsimutsa zimbale zake, ndipo mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatapa kachigawo ka Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya m'chimbale cha 45,000 Volts, n'kukaika m'nyimbo yake yotchedwa Noid. Achinyamata a maiko akutali adamva Chinyanja cha ku Chibolya patatha zaka 35 mwini wake ali m'manda.

Nanga kuno kwathu?

M'dziko muno rock sidazike mizu ngati reggae, choncho wofuna zimbale za mutu umodzi ayenera kusuzumira m'zamba zina.

Ambiri angathamangire kutchula Kuimba. Evison Matafale wa ku Chileka adatulutsa Kuimba 1 mu 1999 ndi Kuimba 2 mu 2001, chaka chomwe adamwalira mu November ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Gulu lake la Black Missionaries lidapitiriza kuwerenga kuyambira pa Kuimba 3. Dzina limodzili limamanga zimbalezo pamodzi ngati ana a bere limodzi, ndipo ndi njira yosungira dzina la malemuyo. Komabe kupatsa zimbale manambala pakokha sikuchititsa chilichonse mwa izo kukhala cha mutu umodzi, poti m'kati mwake mumapezeka za chikondi, za Mulungu, za ndale ndi za imfa, iliyonse ili payokha.

Naye Lucius Banda wa ku Balaka, yemwe adatisiya mu June 2024, ankadziwa kupatsa chimbale dzina lonyamula nyengo yomwe iye kapena dziko likudutsamo, kuyambira pa Son of a Poor Man. Atakhalako m'ndende ya Zomba mu 2006, adadzatulutsa Cell 51 Maximum, dzina lokumbutsa chitolokosi chomwe adagonamo.

Ndende yomweyo ya Zomba ndiyo idabala chimbale chomwe chimakhoza mayeso onse atatu aja. Mu 2013, katswiri wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, ndi mkazi wake Marilena Delli adalowa m'ndendemo ndi zida zojambulira. Zotsatira zake ndi chimbale cha nyimbo 20 chotchedwa I Have No Everything Here, chomwe chidatuluka mu 2015 m'dzina la Zomba Prison Project. Oyimba ake ndi akaidi aamuna ndi aakazi pamodzi ndi ena mwa owayang'anira, ndipo nyimbo zambiri zili m'Chichewa. Amuna adali ndi bandi yawo, pomwe amayi ambiri adangodalira mawu awo. Mitu yake ndi yomwe munthu wotsekeredwa amagona nayo: kulapa, kusowa ana, matenda, imfa ndi kupempha chikhululukiro. Chimbalechi chidapikisana nawo pa mphotho za Grammy za mu 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi, ngakhale mphothoyo idapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin.

Nyimbo imodzi ya m'chimbalechi ikamveka payokha pakati pa nyimbo zovina, imangokhala ngati kwaya yosakonzeka bwino. Zikamveka zonse motsatana, womvera amakhala ngati wayenda m'ndendemo chipinda ndi chipinda.

Chomwe chikutayika

Palibe angadane ndi memori khadi. Kakhadi kochepa ngati chikhadabo kamanyamula nyimbo zomwe kale zikadadzaza katoni ya makaseti, ndipo sikatafunidwa ndi wailesi. Vuto ndi lakuti nyimbo zikamakoperedwa kuchoka pakompyuta ina kupita pa ina, zimafika zitabalalika, zina zitasintha maina, chikuto palibe. Foni nayo imaziliza mosakaniza momwe yafunira. Woyimba wachinyamata akaona zimenezi amaona kuti n'kutaya nthawi kuluka nkhani yaitali, bola kuponya nyimbo imodziimodzi yoti ivute mwezi umodzi.

Chonsecho nkhani zoyenera chimbale chathunthu zili mbwee m'dera lino. Tangoganizani za chaka cha mlimi wa fodya: kufesa nazale dzuwa lili pamutu, kuwokera mvula yoyamba ikagwa, ngongole ya feteleza, njala ya mu February, kusoka ndi kuyanika m'chigafa, kudinda mabelo, ulendo wa ku okushoni ku Kanengo, kenaka kubwerera kunyumba ndi ndalama yomwe angongole akuidikira kale pakhomo. Imeneyi si nkhani yokwana m'mphindi zinayi. Paul Ngozi adaichitira Chibolya. Mitundu ndi Nathenje akudikirabe wawo.

Kwa omvera, mankhwala ake ndi apafupi. Popita kobenetsa nyimbo, n'zotheka kumuuza mnyamata wa pakompyuta uja kuti aike chimbale chonse m'foda yakeyake, nyimbo zili m'ndondomeko yake. Madzulo ena, nsima itadyedwa, banja lingathe kukhala pakhonde n'kuchimvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda wogwira batani lodumphira, monga momwe ana amamverera nthano ya agogo osawadula pakamwa. Zimbale zambiri zotere sizifika ndi ola lomwe. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.