Ku Chongoni foni isamatsogole

Mukakwera minibasi kupita ku Dedza kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO idazizindikira mu 2006, musathamangire selefi. Malowa alipo 127. Zofiira adajambula Akafula, koma zoyera zija n'zokhudza chinamwali ndi Nyau, miyambo yomwe eni ake akadalipo. Yambani mwalonjera amfumu, ndipo dzina lanu musalikande pamwala, aise.

Nkhani yayikulu ili pakhomo pomwe mugone. Musafike chimanjamanja, shuga ndi sopo sizilemera. Madzi otentha osamba m'mawa wozizira wa Juni aja, wina wawasenza kuchokera kumjigo, nkhuni wakatola kutali. Gwirizanani mtengo musanagone, ndipo ndalamayo ifike m'manja mwa mayi amene wakuphikirani nsima.