Za flaxseed zamveka, koma usipa uli pakhomo

Dzuwa likamatuluka pa Chia m'boma la Nkhotakota, amayi amakhala atafika kale padoko ndi mabeseni kudikira asodzi omwe agona panyanja ndi nyali. Pofika masana usipa umakhala uli mbee pathandala, kudikira ogula a ku Lilongwe, Kasungu ndi Salima.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa anthu a m'tauni omwe amati usipa ndi ndiwo ya amphawi, ndi omwewo akutaya ndalama zambiri pa timapaketi ta njere zochokera kunja zotchedwa flaxseed, ati pofuna kuteteza mtima.

Njerezi, zomwe ndi zazing'ono ngati chitowe, zimalimidwa kwambiri ku Canada, Russia ndi Kazakhstan, ndipo kuno ku Africa anthu a ku Ethiopia akhala akuzidya kuyambira kalekale.

Ubwino wake si nkhambakamwa. Muli mafuta a omega-3 komanso zakudya zothandiza munthu wodzimbidwa kuchita chimbudzi mosavuta. Zikamadyedwa kawirikawiri zimatsitsako pang'ono BP ndi mafuta oipa a m'magazi.

Imeneyi si nkhani yaing'ono, poti kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe.

Komabe njerezi zili ndi malamulo ake. Zimafunika kusinja kapena kupera kaye, apo ayi zimangodutsa m'mimba zathunthu. Supuni imodzi kapena awiri a ufawo m'phala ndi okwanira, ndipo munthu azimwa madzi ambiri. Mafuta ake si okazingira, amaonongeka ndi moto ndipo sachedwa kusasa pamalo otentha ngati kunyanja kuno.

Chinanso, omega-3 wa m'njerezi thupi liyenera kumusandutsa kaye kukhala mtundu wotchedwa DHA, womwe ubongo ndi maso zimafuna, ndipo limangokwanitsa pang'ono chabe. Mu nsomba DHA amakhalamo kale.

Apa ndi pomwe usipa ukuposera. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2015 adapeza kuti mkaka wa m'mawere wa amayi okhala m'mbali mwa nyanja ku Mangochi udali ndi DHA wambiri, ndipo usipa wouma udapezeka kuti uli ndi mafutawa ochuluka. Poti umadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, umalimbitsanso mafupa ndi kuonjezera magazi.

Ku Nkhotakota, komwe mabanja ambiri amadalira kondowole, izi n'zofunika kwambiri chifukwa chinangwa chimakhutitsa koma sichimanga thupi kwenikweni. Mwana wopitirira miyezi 6 atha kuthiridwa ufa wa usipa wosinja bwino m'phala, pomwe akuyamwabe.

Kaphikidwe nakonso n'kofunika. Usipa wophika ndi tomato ndi anyezi, mchere wapatali, umaposa wokazinga m'mafuta obwerezabwereza. Nsinjiro, soya ndi nthanga za maungu zimaonjezera mafuta abwino pambale.

Wokhala ndi ndalama atha kugula flaxseed, koma asasiye mankhwala a BP kapena shuga omwe adalandira kuchipatala. Mayi woyembekezera ndi munthu womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ayambe wafunsa dokotala.

Kwa banja la pa Dwangwa kapena Benga, akuluakulu adanena kale: fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.