Pamene Boma la America Linaphunzira Kusunga Nthaka

Mu 1929 cuma ca dziko la America cinagwa. Mabanki ambiri anatsekedwa, anthu miyandamiyanda anacotsedwa nchito, ndipo tirigu ndi cimanga zinatsika mtengo kotero kuti alimi analandidwa minda cifukwa ca ngongole. Kenaka cilala cinakantha madera a Oklahoma, Kansas ndi Texas, kumene makasu a mathirakitala anali atacotsa udzu umene unali kugwira dothi. Mphepo inanyamula nthaka yacondeyo ngati mitambo yakuda.

Pulezidenti Franklin Roosevelt atalowa pampando mu 1933, anayambitsa mapulogalamu ochedwa New Deal. Boma linalipira alimi kuti acepetse zokolola, n'colinga coti mtengo wake ukwere pamsika. Linalembanso nchito anyamata kuti abzale nkhalango ndi kutseka zigwembe. Mu 1935 linakhazikitsa Soil Conservation Service, bungwe lotsogozedwa ndi Hugh Bennett, kuti liphunzitse alimi kulima mizere yopingasa pamalo otsetsereka, kasinthasintha wa mbeu ndi kubzala mitengo yochinga mphepo.

Ndalama za boma zinathandiza mabanja kwa kanthawi, koma mlimi anapitiriza kudya kucokera m'nthaka imene anaisunga. Tikamayeza mizere yopingasa m'minda yathu mvula isanagwe, tikumbukire kuti ena anaphunzira luso limeneli dothi lao litauluka kale.